Tenti Yoyera ya Anastazia

"Pepala iyi yachoka kuti?"

Anastazia anaima pakhomo la pabalaza atanyamula pepalalo ndi zala ziwiri ngati wagwira khoswe kumchira. Chikumbutso, mwana wake mmodzi yekhayo, anali atangofika kuchokera kuntchito, nsapato imodzi idakali kuphazi.

"Mami, mwayamba kusecha mu chola changa?"

"Nizasecha, nine ninakubala. Yankha vamene nakufunsa. Si dzanja ya Irene iyi?"

"Ni ya anti Irene, ee."

"Ati ee! Mwamva, atate ake Chiko? Ati ee, alibe na nsoni!"

A Amon, bambo wapakhomopo, anali pampando wawo wapakona, wailesi ili pabondo. Chipumire ntchito ya njanji, anaphunzira kuti mkazi wawo akayaka, chanzeru n'kuchepetsa wailesi pang'ono n'kuoneka ngati ukumvera mbali zonse. Anachepetsadi.

Pepalalo linali la mitengo. Masabata atatu kutsogoloku kunali kichini pate ya Chikumbutso, phwando lija amayi amasonkhana kudzalangiza mkwatibwi, kumuvinira ndi kumupatsa ziwiya. Papepalapo panali tenti, mipando zana limodzi ndi makumi asanu, nsalu zovekera mipandoyo, kunyamula, kumanga, kumasula, kuchapa, chilichonse ndi mtengo wake. Pansi pake, m'malembo opendekeka amene Anastazia anawaphunzitsa yekha, mng'ono wake Irene anali atalemba kuti: Palibe china chobwera kumbuyo.

"Ine nili na matenti folo kuseli kwa nyumba ino," anatero Anastazia. "Mipando yafika mpaka ku malata. Komboni yonse ya Ngungu ikwatila pansi pa tenti yanga. Manje mwana wanga apite kukapempha mtengo kuli Irene? Irene wamene ninamuphunzitsa kumanga mfundo?"

"Sindine nasankha, Mami. Ni komiti."

"Komiti inakubala?"

"Komiti ndiye isonkha ndalama."

"Amake Chiko," a Amon anayesa, "mwina mwana ali na..."

"Imwe kwezani wailesi yanu!"

Anakwezadi.

Tinene zoona, Anastazia sanali waulesi, ndipo matenti ake sankadontha. Vuto linali mtengo wake, umene unkayenda ngati nkhuku ya anapiye: imatulukira yokha, ana ali pambuyo. Munthu akabwera kudzafunsa, ankamuuza mtengo wozuna, wotsika kuposa wa aliyense m'Kabwe muno. Tsiku la phwando likafika, galimoto itaima pachipata, ndi pamene anapiye ankatulukira. Ya mafuta a galimoto. Ya amuna omanga. Ya sopo wochapira nsalu. Ya kumasula. Ndani angakane, alendo atayamba kale kufika? Anthu ankalipira akulira mumtima, ndipo Anastazia ankati imeneyo ndiye bizinesi.

Irene anagwira naye ntchitoyi zaka zisanu ndi chimodzi, kenako m'mawa wina anangotula makiyi a sitolo patebulo n'kuchoka. Anayamba ndi katenti kamodzi kogula pasalaula, pamsika wa zinthu zogwiritsidwa kale ntchito, n'kukhoma bolodi pachipata chake m'mbali mwa msewu wa maminibasi: MTENGO UMODZI, VONSE VILI MUKATI. Anastazia anaseka mpaka misozi. Koma lero, patangotha zaka zinayi, Irene anali ndi matenti asanu ndi awiri ndi kalole kakekake kobiriwira. Kaloleko kakadutsa pakhomo pa Anastazia, mipando ikugogoda kumbuyo, iye ankamva ngati kamuponda pachifuwa. Inali nsanje, ndipo sinkamupatsa tchuthi ngakhale Lamulungu.

Chinthu chimodzi chokha Irene analibe. M'sitolo mwa Anastazia, pamwamba pa matabwa kuti chiswe chisafikepo, panagona tenti yoyera ya mawindo, yokhala ndi nsalu yopindapinda kudenga. Anakaigula yekha ku Lusaka zaka zitatu zapitazo, ndipo sinatulukepo m'thumba lake. Anthu andalama anaipempha, iye n'kukana. "Iyi ni ya Chiko," ankatero. "Izaona zuba pa tsiku ya mwana wanga."

Lachitatu masana, a Amon ankamvera pulogalamu ija anthu amaimba foni n'kunena zakukhosi. Funso la tsikulo linali lakuti: kodi pakhale lamulo loletsa ogulitsa kubisa ndalama zina kuseri kwa mtengo? Anastazia ankasita nsalu za mipando pakhonde, makutu ali komweko.

Mafoni anachita kupanikizana. Bambo wina anadandaula za kalata yakubanki yodzaza timalipiro tosadziwika mutu wake. Mayi wina anati anakwera basi atalipira, koma pofika pakati panjira anamuuza kuti thumba lake la kapenta nalonso ndi munthu. Mnyamata wina wa ku yunivesite ya Mulungushi anati chipinda cha lendi anamuuza mtengo wina, atalowa n'kupeza kuti madzi, chipata ndi galu wolondera zonse zili ndi mitengo yake. Mmodzi yekha ndiye anati malamulo achuluka kale, ndipo sakhutitsa munthu. Ena onse ankangoti libwere, libwere dzulo.

Kenako panaimba mayi wina wa mawu onenepa.

"Ine nikamba chabe kuti bonse bankale monga ba Irene ba ku Ngungu, baja ba matenti. Vamene balemba ndiye vamene ulipila. Benangu baja, sinizatomola zina, bakuuza mtengo wa nkuku, pa last ulipila ng'ombe."

A Amon anatsokomola n'kuyang'ana kudenga. Anastazia anaimika simbi pansi bwinobwino, n'kutenga foni yake kulowera kuseri kwa nyumba, pakati pa milu ya mipando. Anakulunga foniyo ndi nsonga ya chitenje kuti mawu asinthike.

"Halo, tikamba na bandani?" anafunsa muulutsi.

"Ndine amai Tembo, ku Mulungushi."

"Kambani, amai Tembo."

"Ine nikuti lamulo ya chani? Munthu ali na pakamwa, afunse. Ukamuuza munthu vonse pa first, athaba, ayenda kuli uja wamene amunamiza bwino. Manje ise tidye chani? Elo baja bolemba pa bolodi ati vonse vili mukati, mwabaona bwino? Banakweza kudala mtengo. Ni bakawalala chabe bovala bwino, bofuna kuoneka oyela pa menso ya bantu. Ambuye atichitile chifundo!"

Anadula foni mtima uli myaa, ngati wamwa madzi ozizira. Atabwerera pakhonde anapeza a Amon atazimitsa wailesi, chinthu chimene sankachita ngakhale mabatire akutha.

"Amake Chiko," anatero mwakachetechete, "zaka twente-faifi muyambitsa nyimbo pa Misa ya Chinyanja. Muganiza kuti kuli munthu mu Kabwe wamene saziba mau yanu?"

Lamulungu linawavomereza. Anastazia asanafike n'komwe pamadzi odalitsa, mayi wogulitsa makandulo pachipata anamugwadira mwaulemu wonse.

"Mwauka bwanji, amai Tembo? Ku Mulungushi kuli bwanji?"

Wakwaya wina anamufunsa ngati mvula yayamba kumeneko. Ngakhale katekisiti, munthu wosaseka, anamupatsa moni akudziletsa kuseka. Tsiku limenelo nyimbo yolowera inayambitsidwa ndi munthu wina.

Misa itatha, komiti ya kichini pate inakhala pamabenchi pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa holo. Anali amayi khumi ndi anayi, wapampando wawo Tryness, mnzake wa Anastazia wa m'gulu lampingo la Legio, mkazi wosadziwa kuzungulira nkhani. Irene anakhala kumapeto kwa benchi atavala diresi yatsopano yamtundu wa papaya. Anastazia anaiyeza ndi maso diresiyo mpaka anadziwa mtengo wake, ndipo unamuwawa.

"Ine sinabwele kukangana," anayamba Anastazia ataimirira. "Mwana ni wanga. Tenti nizapasa, mipando nizapasa, nsalu nizapasa. Vonse mahala. Ndalama zanu mugulile mwana mafiliji."

Mayi wina anayamba kufunafuna chinthu m'chikwama chake chimene munalibe.

"Amake Chiko," anafunsa Tryness, "mahala yanu iyi, ibwela na thilansipoti olo thilansipoti ni payeka?"

Benchi yonse inaphulika. Ena anabisa nkhope m'zitenje, wina mpaka anatsamira mtengo.

"Museka chani? Nizalipilitsa mwana wanga ine?"

"Mwana iyayi. Komiti," anatero mayi wina wachikulire. "Pa ukwati wa Elvis wanga munakamba ati nithandiza chabe monga wa mu mpingo. Ninagulitsa mbuzi zibili pa Mande."

"Tisataye nthawi," anatero Tryness. "Bamene bafuna tenti ya amake Chiko, manja mumwamba."

Anastazia anakweza lake. Linakwera lina la msuweni wa a Amon, mwaulesi, lofika m'khutu basi. Ndipo kumapeto kwa benchi kunakwera lachitatu, lowongoka bwino, la Irene.

Dzanja limenelo ndi limene linamupsetsa mtima kuposa manja khumi ndi limodzi amene anakhala pamiyendo. Makasitomala analanda, mbiri analanda, wailesi analanda, ndipo lero akufunanso kulanda ulemu wokhala munthu wachifundo? Anastazia akanakonda Irene akanamutukwana.

"Tsitsa kwanja yako iwe," anatero. "Sinifuna chifundo chako."

"Asisi, mwana ni wanu. Ine nikanakondwa kuti..."

"Unakondwa kudala! Unayenda kumbali kunyengelela mwana wanga na tumapepala twako."

"Amake Chiko, nkalani pansi," anatero Tryness, tsopano kuseka kutatha. "Nkani si ya Irene. Chiko anayopa kumiuzani, manje nizakamba ine. Bana Lubuto banatuma mau. Bakuti ngati tenti ni yanu, beve na babululu babo, banja yonse, bazabwela, bazavina, bazapeleka mphatso, koma bazankala pa zuba. Pansi pa tenti yanu sibazangena."

Bana Lubuto anali mayi ake a Lubuto, mnyamata wodzakwatira Chikumbutso. Anali mayi wamasiye wa ku Kamushanga, Mbemba wofatsa, wophunzitsa ana a sukulu ya mkaka. Chiyambire zokambirana za ukwati miyezi isanu ndi itatu yapitayo, sanalankhulepo mawu okhadzula kwa Anastazia. Apongozi a mwana wako kukhala padzuwa la Okutobala, Kabwe yense akuona! Manyazi ake akanatsala pa Chikumbutso moyo wake wonse.

Anastazia anatembenukira kwa mng'ono wake. "Ndiwe. Wafika na ku Kamushanga kuniipitsila zina."

Irene anangoyang'ana pansi, n'kumafufuta fumbi ndi nsonga ya nsapato.

Lachiwiri m'mawa Anastazia anavala chitenje chake cha Mayi Maria, n'kugula shuga ndi buledi, n'kukwera minibasi ya ku Kamushanga. Njira yonse ankakonza mawu oti akamuvule nawo Irene. M'basimo nkhani inali yomweyo ya lamulo. Kondakitala ankagwirizana nalo mokweza kwambiri, mpaka mayi wina anamufunsa chifukwa chimene mtengo wake umakwera mitambo ikangoda. Anthu anaseka, Anastazia anayang'ana pawindo.

Bana Lubuto anamulandira bwino, n'kumuyalira mpando wabwino, n'kuika madzi a tiyi pamoto.

"Asebele," anayamba Anastazia, poti ndi mmene makolo a mkwati ndi a mkwatibwi amaitanirana, "nabwela kuti timvane. Mufana wanga uja ali na lilime yotelela. Vamene anamiuzani pali ine..."

"Ba Irene sibananiuze kantu, mayo."

"Nanga tenti yanga inamilakwila chani? Simunaionepo na kuiona."

"Ninaiona, mukwai. Ya gilini, ili na chigamba cha buluu pa kona."

Anastazia anadzidzimuka. Tenti imeneyo inalidi yake, ija ankatumiza kumaliro.

Bana Lubuto analowa kuchipinda, n'kubwera ndi buku la mapemphero. Pakati pake anatulutsa kapepala kofiirira ndi ukalamba, n'kukayala patebulo pafupi ndi shuga uja. Kanali ka lisiti, chidindo chake cha Anastazia.

"Febuluwale, zaka folo zapita. Malilo ya bashi Lubuto, bamuna banga, pa lubanza, pa bwalo pamene apa. Munakamba pa foni ati mtengo ni wa masiku yatatu. Ise tinapenda kuchoka pamene tenti inaimilila. Imwe munapenda kuchoka pamene inakwela mu motoka kwanu, usiku wake. Simunatiuze."

"Asebele, bantu ni bambili bamene..."

"Lekani nisilize, mayo. Tsiku yoika malilo, kuseni m'mawa, mvula ili kugwa, kwabwela ba Irene na bamuna batatu. Ati masiku yasila, mufunika kuikilapo ya tsiku imozi na ya kumasula. Ine ndalama yonse inayenda ku bokosi. Ninalibe olo ya mcele. Ba Irene banamitumila foni, banaika pa laudi sipika kuti nimipapate neka. Ninagwada pa matika apa, mu matope, nagwadila foni. Mukumbuka vamene munayanka?"

Anastazia anafufuza m'mutu mwake, ndipo choopsa n'chakuti sanapezemo kanthu. Mafoni otero anali ambiri.

"Munakamba ati, 'Irene, nili na ukwati ku Bwacha mawa. Ngati balibe, gwetsani. Ambuye batichitile chifundo.'"

Madzi anayamba kuwira pambaula. Palibe anawayang'ana.

"Ba Irene banakana. Banankala pansi pa matika pamozi na ine, balila. Koma bamuna baja banali ba nchito banu, banamvela imwe. Banazula. Muziba mwambo, bamuna pa malilo bankala panja, mu nyumba ni mwa banakazi. Batata-fyala banga, batate ba bashi Lubuto, zaka eite-thu, banakana kungena mu nyumba. Banankala pa mupando pakati pa lubanza, mvula ili kubaloka. Lubuto anaimilila kumbuyo kwabo na beseni yosambila, aigwilila pamutu pabo monga ambulela, mpaka motoka ya chitumbi, yonyamula bokosi, inabwela."

"Sininazibe kuti munali imwe," anatero Anastazia.

"Ee, simunazibe. Simunabwele. Nkope yanu naine sininaizibe. Koma tsiku ija tinabwela kwanu kukamba va ukwati, pamene munati chabe 'Fikani, fikani,' ninamizibani. Mau yaja siningayaibale. Na pa wailesi sabata yatha ninamimvelani, amai Tembo."

"Nanga Lubuto?"

"Aziba. Anakamba ati nikwatila Chiko, sinikwatila tenti. Mwana wanu ni wabwino, mayo, nimukonda monga wanga. Ndiye chifukwa ninankala zii myezi yonse iyi. Koma kunkala pansi pa tenti yamene imwe mungagwetse, thupi yanga ikana."

Anathira tiyi, n'kumuikira shuga masupuni awiri osafunsa. Anastazia anamwa chifukwa panalibe china choti achite ndi manja ake.

Pobwerera sanatsikire pasiteji yakwawo. Anapitirira mpaka pabolodi lija ankadana nalo. Anapeza Irene akuyanika nsalu za mipando pachingwe, kalole kobiriwira kataima pambali. Ngakhale ndi zonse anamva ku Kamushanga, diso lake linawerenga matenti opindidwa pakhonde, ndipo mtima unamuluma monga mwa masiku onse. Nsanje siitha ndi ulendo umodzi wa minibasi.

"Unali kuziba kuti ni beve," anatero osapereka moni.

"Ninaziba, asisi."

"Nanga sunaniuze chifukwa chani?"

"Ninamiuzani tsiku yamene ija, mumazulo. Ninati tachita choipa ku Kamushanga. Munati nili na mtima wa nkuku, bizinesi siningaikwanise. Kuseni kwake ninasiya makiyi."

"Ine ninaona monga unachoka kuti unipoke makasitomala."

"Ninachoka chifukwa nkalamba ija na beseni pamutu inali kunibwelela nikatseka menso."

Anastazia anakhala pampando umodzi wapulasitiki. Unali wolimba kuposa ake, ndipo anazindikira zimenezo.

"Tenti yoyela ija," anatero. "Uiziba."

"Ya Chiko."

"Nizaibweletsa kuno mawa. Uimange iwe. Bantu bakafunsa, ukambe ni yako."

Irene anasiya nsalu m'beseni. "Asisi, ine sinibisa vintu. Ndiye chifukwa bantu babwela pano. Bana Lubuto nizabauza kuti tenti ni yanu. Bakakana, bakana."

"Iwe na chilungamo chako!" Anastazia anakalipa, koma mphamvu munalibe. "Bauze."

Yankho linabwera Lachinayi, Chikumbutso ndiye anabwera nalo, ataima pakhomo ngati mlendo.

"Mami, bakuti nsalu ilibe mulandu. Bazankalamo. Koma amange ni anti Irene, amasule ni anti Irene. Imwe musagwile olo ntambo imozi."

"Ni vamene chabe?"

"Ni vamene." Mtsikanayo anazengereza. "Mami, ninayopa kumiuzani. Sininafune kuti mumvele nsoni."

"Yenda ukagwile kumbali uko," anatero Anastazia akuloza thumba la tenti. "Ilema."

Analitsitsa pamatabwa awiriwo, a Amon akuthandiza ndi malangizo.

Loweruka la phwando dzuwa linatuluka ndi ukali wake wonse. Anastazia anafika pabwalo la holo tenti itaima kale. Anaima pachipata n'kuiyang'ana. Zaka zitatu ankailota, koma sankadziwa kuti ndi yokongola chotere. Inali mbee, mawindo ake akuwala, nsalu yakudenga itagwa m'mapindo ngati diresi ya mkwatibwi. Chingwe chimodzi chakumanzere chinali cholefuka pang'ono. Dzanja lake linanyamuka lokha, koma anakumbuka, n'kulibweza m'chitenje.

Pakhomo pa tentiyo panali kabolodi kakang'ono ka Irene, nambala ya foni ili pansi. Amayi ankalowa akuimika mafoni, kujambula tenti, kujambula kabolodi.

Ng'oma zinalira. Chikumbutso analowa atafunditsidwa chitenje kumutu mpaka kumapazi, alangizi akumutsogolera pang'onopang'ono, nthungululu zili pwirikiti. Lubuto anabwera ndi abale ake kudzamuvundukula, n'kumupatsa maluwa, n'kutuluka monga mwa mwambo. Mphatso zinayamba kuitanidwa, aliyense ndi dzina lake, wopereka n'kuvina pakati. Bana Lubuto analowa ndi anthu awo onse n'kukhala mzere wakutsogolo, moyang'anana ndi Anastazia. Asanakhale anayang'ana kudenga kanthawi, kenako anakhala.

Dzina la Irene litaitanidwa, tenti yonse inaimirira. Anavina atanyamula mapoto, diresi ya papaya ija ikuwala, amayi akumuponyera ndalama ndi kumukuwira. "Mwine wa tenti! Mwine wa tenti!" Anastazia anaomba nawo m'manja. Nsanje inamukwera, yowawa ngati ndulu. Mawu anali okonzeka palilime: ni yanga iyi, ninaigula neka, ninaisunga zaka zitatu. Kungoimirira n'kunena, basi.

Anayang'ana mwana wake. Chikumbutso anakhala pamphasa maso ali pansi monga amachitira mkwatibwi, koma kukamwa kukumwetulira mobisa. Anayang'ana amayi zana ndi makumi asanu aja, atavula nsapato, atatambalala, akudya ndi kuseka mopanda nkhawa. Anadziwa chimene chikanachitika akanatchula dzina lake. Ena akanayamba kusuzumira kuchipata ngati kwaima galimoto, ndipo a komiti akanagwira zikwama zawo.

Mayi wokhala pambali pake, mlendo wochokera ku Kapiri, anamugunda ndi chigongono akutafuna nkhuku.

"Mwandi, tenti iyi ni yabwino! Ba Irene baziba nchito. Elo ubwino wabo, unkala pansi pake mtima uli pamalo. Uziba kuti kulibe wamene azabwela kukugwetsela pamutu." Anameza, n'kumuyang'ana bwino. "Imwe si ndimwe amake mwana? Ninamvela kuti naimwe muchita vamatenti. Ya so, monga iyi, muli nayo?"

Kutsidya kwa mphasa, bana Lubuto anali atasiya kudya. Ankamuyang'ana, osati mwaukali, kungodikira.

Anastazia anakweza maso kudenga loyera lija, n'kuwatsitsa.

"Iyayi," anatero. "Ya so nilibe."